Mpanda, komiti ya mudzi, mphukira kapena kubzala: njira iti ingasunge nkhalango zakale za ku Salima ndi ku Nkhotakota?

Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo pofika pa 15 Epulo malipoti amakhala atadzaza ndi chiwerengero cha mbande zomwe zalowa m'nthaka. Palibe lipoti lomwe limawerenga mibawa ndi milombwa yomwe yagwa chaka chomwecho. Mbande 1,000 za bulugamu sizilowa m'malo mwa mbawa umodzi umene unamera agogo a agogo athu asanabadwe, chifukwa nkhalango yakale si mitengo yokha. Muli nthaka yakuda yofewa yomwe imamwa mvula, mizu yomanga magombe a mitsinje, bowa, mphalabungu, ndi mphako momwe njuchi zimakhala. Zonsezi zimatha tsiku limodzi phiri likametedwa mpala.

Tikuyerekeza pano njira zimene zikugwiritsidwa kale ntchito kuno kunyanja ndi kumapiri a kumadzulo kwathu. Tikulembera makamaka inu mafumu, makomiti a zachilengedwe a m'midzi, ndi aliyense amene ali ndi nkhalango pamalo pake.

Yambani mwadziwa kuti nkhalango yanu ndi yamtundu wanji

Kuno kuli mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mtundu woyamba ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, yamdima, yomwe dzuwa silifika pansi. Yatsala pang'ono kwambiri: kachigawo ka pamwamba pa phiri la Chipata m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, nkhalango ya phiri la Ntchisi kwa anzathu oyandikana nawo, ndi timizere ta m'mphepete mwa mitsinje ngati Bua, momwe mumamera mbawa, katope, mkundi ndi mwimbi. Mbewu za mitengo yambiri ya m'nkhalango zotere zimamera pamthunzi ndi pachinyontho. Mukadula yonse nthawi imodzi, dzuwa limawumitsa nthaka, udzu wautali umalowa, moto umatsatira udzuwo chaka ndi chaka, ndipo nkhalango ija sibwereranso m'moyo wa munthu.

Mtundu wachiwiri ndi miombo, yomwe ndiyo yochuluka: mombo, tsamba, mchenga, masuku, muwanga, ndi mlombwa apo ndi apo. Imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukira ofiira cha mu Seputembala. Miombo ili ndi khalidwe limodzi lopatsa chiyembekezo: mtengo ukadulidwa, chitsa ndi mizu sizifa. Koma mphamvu imeneyi ili ndi malire ake. Owotcha makala akazula zitsa kapena kuzitentha, kapena malowo akalimidwa zaka zingapo motsatizana, nkhokwe ya pansi ija imatha.

Musanasankhe njira, yendani m'nkhalangomo ndi chingwe ndi tepi ya telala. Yezani malo a mamita 20 mbali zonse zinayi, womwe ndi gawo limodzi mwa magawo 25 a hekitala. Werengani mtengo uliwonse, muuyeze kuzungulira kwake pamsinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, pafupifupi pachifuwa pa munthu wamkulu, ndipo mugawe nambalayo ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwa thunthu. Lembaninso zitsa: zatsopano zingati, zodulidwa ndi nkhwangwa zingati, zodulidwa ndi makina zingati. Chitani zimenezi malo osachepera asanu, ena m'mphepete ena mkati. Zitsa zimakuuzani mdani wanu. Zitsa zamitundu yonse, zazikulu ndi zazing'ono, pafupi ndi dothi lopsa lofiira, ndi ntchito ya makala. Zitsa zikuluzikulu zokhazokha za mlombwa, mbawa ndi msambamfumu, zosalala pamwamba komanso zozunguliridwa ndi utuchi, ndi ntchito ya ocheka matabwa. Chitsa chimodzi chachikulu chokhala ndi zipalapala zambiri pambali ndi cha wosema bwato.

Mpanda ndi alonda onyamula mfuti

Iyi ndi njira imene yaonetsa zotsatira msanga kuposa zonse. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, inali itatsala pang'ono kutheratu nyama pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, analemba ndi kuphunzitsa alonda, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ku Salima, bungwe la Wildlife Action Group lakhala likulondera nkhalango ya Thuma kuyambira mu 1996, kenako linawonjeza ya Dedza-Salima. Thuma inakhazikitsidwa kukhala nkhalango ya boma mu 1926, koma chikalata chokha sichinaletse makala. Chimene chinasintha zinthu ndi anthu oyendamo usana ndi usiku.

Kwa nkhalango yobiriwira chaka chonse ngati ya pa Chipata, ife sitikuona njira ina yoposa iyi. Malo ake ndi ochepa moti ngakhale kudulamo pang'ono n'kochuluka kale.

Zovuta zake nazo ndi zazikulu. Mpanda wamagetsi si chinthu chomanga n'kuiwala. Udzu ukakhudza waya mphamvu imatsika, choncho pansi pake pamafunika kulambula nthawi zonse ya dzinja. Mtsinje ukadzaza umakokolola zipilala, njovu zimaphunzira kugwetsera mtengo pawaya, ndipo waya wobedwa umasanduka misampha. Ndalama za malipiro, galimoto ndi mabatire zimachokera kwa opereka thandizo akunja, zomwe mudzi kapena khonsolo singakwanitse. Komanso walira mvula walira matope: nyama zikachuluka, mpanda ukangoboka, chinangwa ndi mpunga wa anthu oyandikana nawo ndizo zimapita. Ndipo nkhwangwa imene yabwezedwa pampanda sibwerera kukagona m'nyumba. Imapita kunkhalango ya mudzi yomwe ilibe mlonda. Ndi chifukwa chake ku Nkhotakota anthu ozungulira amaloledwa kulowa mwadongosolo, ndi chilolezo, kukatenga zinthu monga udzu wofolerera, nsungwi ndi bowa. Mpanda wopanda khomo lotere umabala udani.

Kugawana ulamuliro pa nkhalango ya boma

Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kuti nthambi ya zankhalango ichite mgwirizano ndi midzi yoyandikana ndi nkhalango ya boma. Nkhalangoyo imagawidwa m'mabuloko, buloko iliyonse n'kukhala ndi komiti yake ndi dongosolo lolembedwa la zimene zingatengedwe, nthawi yake ndi kuchuluka kwake. Anthu amalondera ndi kulambula njira zotchinga moto, ndipo amapeza nkhuni zouma, milimo, uchi ndi gawo la ndalama za ziphaso.

Papepala ndi yokoma. Imagwa pa zinthu zitatu. Choyamba, ndalama za ziphaso zikapanda kulengezedwa pagulu, anthu amaleka kulondera, poti palibe amene amakonda kuweta ng'ombe yomwe mkaka wake akumwa ndi ena. Chachiwiri, chiphaso cha nkhuni zouma chimasanduka chiphaso cha nkhuni zoumitsidwa: munthu amasenda khungwa kuzungulira thunthu mu Juni, pofika chaka chamawa mtengowo ndi "wouma" ndipo amautenga mwalamulo. Poyendera buloko, yang'anani mitengo yoima yomwe ili ndi lamba woyera m'chiuno. Chachitatu, komiti ilibe mphamvu pa lole yobwera usiku ndi anthu a zida. Lamuloli linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zinakwera, koma chilango chimagwira ntchito pokhapokha mlandu ukafika kukhoti ndi umboni wake. Njirayi imayenda bwino m'miombo ya m'mphepete mwa nkhalango ya boma, pamene mlangizi wa zankhalango ali pafupi ndipo apolisi amayankha foni. Mkati mwenimweni, mwa mitengo yakale, musagawemo mabuloko odula.

Nkhalango ya mudzi, manda ndi mawu a mfumu

Aliyense woyenda mumsewu wa M5 angaone yekha kuti m'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yatsala pamanda pokha. Palibe mpanda, palibe mlonda wolipidwa, koma nkhwangwa silowamo popanda mawu a mfumu. M'midzi ya Achewa momwe muli dambwe, chitetezocho chimakhala chowirikiza. Chimodzimodzi pachilumba cha Mbenje m'dera la Gogo Chalo Makanjira ku Salima, kumene usodzi umatsekedwa ndi kutsegulidwa ndi mfumu chaka chilichonse, ndipo asodzi amamvera. Izi zikusonyeza kuti lamulo lomwe eni ake amaliopa ndi kulilemekeza limaposa chikwangwani.

Nkhalango ya mudzi yovomerezeka ndi boma imamangidwa pa maziko omwewa. Ndondomeko yake ndi iyi: a nyakwawa ndi anthu awo amasankha malo, amayenda malire onse pamodzi ndi mafumu oyandikana nawo ndi mlangizi wa zankhalango, mudzi umasankha komiti, komiti imalemba malamulo ndi dongosolo la kasamalidwe, a T/A amasainira, kenako zimapita ku ofesi ya zankhalango ya boma kuti zilembetsedwe. Pa zonsezi, pamene anthu amathamangira ndi pamalire, ndipo ndi pomwe mavuto amadzayambira. Malire a "kuchokera pachulu mpaka pamtengo wa mkuyu" amatha tsiku limene mkuyuwo wagwa. Ikani zipilala za simenti kapena milu ya miyala pangodya iliyonse, bzalani khonje kapena nkhadze mumzere, ndipo lembani manambala a GPS a ngodya zonse. Foni yamakono iliyonse imatha kuchita zimenezi. Pepala la malire likhale m'malo atatu: kwa mfumu, kwa mlembi wa komiti ndi ku ofesi ya zankhalango. Ufumu ukasintha, kapena wina akabwera ndi ndalama kufuna malo a esiteti kapena a loji, pepala limenelo ndilo limayankhula.

Malamulo akhale ochepa ndi omveka. Tchulani mayina a mitengo yosadulidwa n'komwe, masiku otola nkhuni (mwachitsanzo Lachitatu ndi Loweruka, opanda nkhwangwa kapena chikwanje), ndi chindapusa cha mlandu uliwonse. Chindapusa chikhale choposa phindu la mlanduwo. Ngati mbawa umodzi utulutsa matabwa a mtengo wa mbuzi zingapo koma chindapusa ndi nkhuku, ndiye kuti mwangoika mtengo wogulira mbawawo. Mukomiti musasowe amayi, chifukwa ndiwo amalowa m'nkhalango kawirikawiri ndipo amaona chitsa chatsopano tsiku lomwelo. Msungichuma asakhale wa banja la mfumu.

Njirayi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ndi yokhayo yomwe ingafike pa timizere ta mitengo ta m'mphepete mwa Linthipe, Lifidzi, Kaombe kapena mitsinje yothira m'nyanja ya Chia, komwe mpanda wa boma sudzafikako. Kufooka kwake n'kwakuti imadalira munthu mmodzi. Mfumu ikakhala yokonda za m'thumba, nkhalango imatha m'chilimwe chimodzi.

Kusamalira mphukira ndi kulamulira moto

Pamalo a miombo omwe anametedwa kale koma zitsa zikadalipo, palibe njira imene imaposa iyi, ndipo n'zodabwitsa kuti imalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi zogulira machubu a mbande. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, yomwe inafika pamadzi zaka zambiri zapitazo. Mphukira yake imatha kupirira chilimwe cha ku Salima chomwe chimapha mbande yochokera kunazale. Ku Niger alimi anabwezeretsa mitengo m'minda yambirimbiri ndi njira imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuno mabungwe ngati Total LandCare ndi World Vision akhala akuiphunzitsa.

Kachitidwe kake ndi aka. Chitsa chimatulutsa mphukira 10, nthawi zina 20. Musazikhudze chaka choyamba. Chaka chachiwiri sankhani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, makamaka zotulukira m'munsi pafupi ndi dothi, chifukwa zotulukira pamwamba pa chitsa zimathyoka ndi mphepo ya mwera zikakula. Zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, mocheka kuchokera pansi kupita m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Zotsalazo muzisadze nthambi za m'munsi kufika theka la msinkhu wake, osapitirira, apo ayi zimakhala zoonda ndi zopindika. Zodulidwazo ndi nkhuni zoyamba za amene wagwira ntchito. Bwerezani chaka chilichonse mvula ikangotha.

Adani a mphukira ndi awiri: mbuzi ndi moto. Mbuzi zimafuna kugwirizana ndi eni ziweto kuti malowo atsekedwe zaka zitatu zoyambirira, mpaka nsonga zitapitirira pomwe mbuzi imafika itaimirira ndi miyendo iwiri. Moto ndiye nkhani yaikulu. Wa mu Okutobala, udzu utauma gwaa ndipo mphepo ikuwomba, umapha mphukira iliyonse yosafika mamita awiri, ndipo mitengo ikuluikulu umaiboola patsinde. Pali njira ziwiri zothana nawo. Yoyamba ndi kuletseratu moto polambula njira ya mamita 4 mpaka 6 kuzungulira malowo, yopalidwa mpaka dothi kuonekera, isanathe Juni. Imathandiza pamalo aang'ono ndi m'mphepete mwa nkhalango yobiriwira, komwe moto suyenera kulowa n'kamodzi komwe. Koma pamalo aakulu a miombo ili ndi msampha: udzu ndi zinyalala zimaunjikana zaka zitatu kapena zinayi, ndiye tsiku limene mnyamata wosaka mbewa waponya chikuni, moto wake umakhala woopsa kuposa ukanabwera chaka ndi chaka. Yachiwiri ndi kutentha dala moyambirira, kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, udzu ukadali ndi chinyontho. Yatsani madzulo dzuwa litapendeka kapena m'mamawa mame asanaume, kopanda mphepo, kuyambira pamwamba pa chitunda kutsikira pansi, poti moto wotsika umayenda pang'onopang'ono. Malawi ake asapitirire bondo. Ukasiya zigamba zosapsa, ndiye kuti wayenda bwino. Gwirizanani kaye ndi omweta udzu wofolerera kuti malo awo asapse asanamwete, apo ayi chaka chamawa adzakuyatsirani okha mwa mkwiyo.

Pakatha zaka zisanu malowo amakhala ataphimbika, ndipo milimo ndi nkhuni zimayamba kupezeka. Koma tisanamizane: chimene chabwerera ndi nkhalango yaing'ono, osati yakale. Miombo imakula mochedwa kwambiri. Mlombwa womera kuchokera kumbewu umatha zaka zingapo ukuphukira m'dzinja n'kufa kumtunda m'chilimwe, uku ukukulitsa muzu pansi, ndipo kuti ufike pochekedwa matabwa pamapita zaka zoposa 80.

Kudula mosankha m'malo mometa

Pali ena amene amati nkhalango isatsekedwe, ingodulidwa mwanzeru. M'miombo ya mudzi izi n'zotheka pa nkhuni ndi milimo. Gawani malowo m'zigawo 15 kapena 20, muzidula chigawo chimodzi pachaka, n'kusiya mitengo yonse ya zipatso monga masuku ndi maula, mitengo yonse ya matabwa, ndi ina yaikulu yowongoka yoti igwetse mbewu. Dulani m'munsi, osapitirira bondo, mopendeketsa kuti madzi asakhale pachitsa. Pamalo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwa mtsinje musadulepo.

Pa mitengo ya matabwa, ife tikuti ayi. Wocheka amasankha wowongoka, wonenepa, wopanda chilema, womwe ndi womwewo umene ukanabereka mbewu yabwino. Akabwera katatu, nkhalango imaoneka yobiriwira kuchokera kumsewu koma mkati mulibe mlombwa kapena mbawa ndi umodzi womwe. Kanjira kamene ngolo kapena lole yatsegula kamadzagwiritsidwa ntchito ndi a makala. Msika wakunja nawo ndi waukali: mu 2019 mtengo wa mukula unaikidwa pamndandanda wa pangano la mayiko lotchedwa CITES wa zinthu zomwe malonda ake ayenera kulamulidwa, ndipo mu 2022 mitundu ya mu Africa ya mbawa, mlombwa ndi msambamfumu inawonjezedwa pamndandandawo. Amene akufuna kuona kumene kudula kopanda malire kumathera apite ku Chikangawa, komwe paini wa mahekitala 53,000 anachekedwa ndi kupsa mwaliwiro loposa lobzala. Ngati zinatero ndi paini yemwe amakhwima m'zaka zosakwana 30, nanga mlombwa?

Kubzala mitengo ndi kuchepetsa njala ya nkhuni

Kubzala kuli ndi ntchito yake, koma ntchitoyo si kubweza nkhalango yakale. Ndi kupereka nkhuni, milimo ndi matabwa kwina, kuti nkhwangwa isapite kuphiri. Choncho bzalani pafupi ndi amene akudya nkhunizo: pakhomo, m'malire a munda, pasukulu, pafupi ndi madoko owambira nsomba. Osadula miombo kuti mubzalepo bulugamu, zomwe zimachitikabe m'dzina la chitukuko.

Kuno kunyanja kotentha, keshya, mtangatanga, nimu ndi gliricidia zimapirira bwino. Bulugamu amadyedwa ndi chiswe akadali wamng'ono, ndipo sayenera kukhala pafupi ndi chitsime kapena dambo. Nsungwi zimakololedwa chaka ndi chaka popanda kupha tsinde, zikangokhwima. Pa mtunda wa mamita awiri mbali zonse, hekitala imalowa mbande 2,500. Pa mamita 2.5 imalowa 1,600. Maenje akumbidwe mvula isanayambe, osachepera masentimita 30 kuya ndi kutambalala. Mbande zambiri zimafa chifukwa chobzalidwa mochedwa. Ngakhale nyengo ya boma imafika mu Epulo, ku Salima mbande yolowa m'nthaka mu Malichi imakhala ndi masabata ochepa a mvula. Bzalani mu Disembala kapena Januwale, chotsani chubu, palirani kawiri, ndipo kawerengeni zamoyo mu Okutobala, osati tsiku lobzala.

Mbali inayo ndi kuchepetsa nkhuni zofunika. Uvuni wa dothi wa makala umadya makilogalamu 7 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala, ndipo makala ambiri a m'mapiri a Salima sapsereza nsima ya kuno, amakwera kupita ku Lilongwe. Mudzi sungathetse msika umenewo wokha. Nkhaniyo ili m'manja mwa magetsi, gasi ndi makala ovomerezeka a mitengo yobzalidwa, monga mmene ndondomeko ya boma ya makala ya 2017 mpaka 2027 inanenera. Zimene zili m'manja mwa anthu a kuno ndi izi: chitetezo mbaula m'malo mwa mafuwa atatu, mauvuni otsekeka ngati Chitofu kwa owamba ndi okazinga nsomba, matenti oumitsira usipa padzuwa, zigafa za mitengo yamoyo kwa alimi a fodya, ndi njerwa za simenti kapena za dothi lopanikiza m'malo mwa zowotcha.

Njuchi, bowa ndi ndalama za kaboni

Izi si njira zoima pazokha. Ntchito yake ndi kupereka chifukwa chakuti munthu ateteze mtengo woima. Miombo ndi nkhalango ya uchi, ndipo mwini ming'oma ndi mlonda amene safuna malipiro, chifukwa moto ndi nkhwangwa zimamuwonongera iye mwini. Koma mng'oma wakhungwa umapha mtengo umene wasendedwa, choncho gwiritsani ntchito wa matabwa wokhala ndi timitengo pamwamba. Kamtengo kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi; mukaphonya, njuchi zimamanga zisa mopingasa ndipo pokolola mumaphwanya ana. Pakani phula mumzere pakati pa kamtengo kalikonse, pachikani mng'oma ndi waya pamthunzi, ndipo pawayapo pakani girizi kuti linthumbu lisakwere. Waya umathandizanso kuti chiuli asaugwetse. Chimene chimagwetsa magulu ambiri a njuchi ndi kulandira ming'oma yaulere popanda wogula uchi wodziwika, komanso kuti mng'oma wa gulu ulibe mwini. Ming'oma ikhale ya munthu payekha, gulu likhale la kugulitsa.

Bowa wambiri wa m'miombo amamera mogwirizana ndi mizu ya mombo, mchenga ndi masuku. Mitengoyo ikapita, naye amapita, ndipo m'munda wa bulugamu simudzamupeza. Mfundo iyi imamveka msanga pamsonkhano wa mudzi kuposa nkhani ya kusintha kwa nyengo.

Za kaboni, kuno si zachilendo. Pulogalamu ya Kulera, yomwe inakhudza midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi Nkhotakota, inagwira ntchito kudzera m'mabungwe a anthu a m'midzi monga NAWIRA, la midzi yozungulira nkhalango ya Nkhotakota. Mfundo yake ndi yakuti nkhalango ikasungidwa, makampani akunja amalipira chifukwa cha mpweya woipa umene sunatuluke. Imafuna malo aakulu, akatswiri oyeza ndi otsimikiza, ndipo ndalama zimabwera patapita zaka, mtengo wake ukukwera ndi kutsika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu mafumu, wina akabwera ndi pepala la kaboni, funsani kuti mgwirizanowo ndi wa zaka zingati, ndani akhale mwini malo pa nthawiyo, gawo la mudzi ndi lotani ndipo liwerengedwa asanachotse kapena atachotsa zowonongera zawo, komanso ngati anthu adzaloledwabe kutola nkhuni ndi bowa. Musasaine tsiku lomwelo, ndipo pepalalo lionedwe ndi a khonsolo.

Malo ati, njira iti

Ngati muli ndi nkhalango yobiriwira chaka chonse, kapena mzere wa mibawa ndi mikundi m'mphepete mwa mtsinje, itsekeni kotheratu ku nkhwangwa ndi moto: ya boma ndi alonda, ya mudzi ndi lamulo la mfumu lolimba ngati la pamanda. Mpasa umene umakwera Bua kukaswana umafuna miyala yoyera ya pansi pa mtsinje, ndipo matope ochokera m'magombe ometedwa amakwirira malo amenewo. Msodzi wa kudoko ali ndi gawo pa nkhaniyi ngati mlimi wa kumtunda. Ngati muli ndi miombo yakale yomwe ikadali yathunthu, ilembetseni kukhala nkhalango ya mudzi, ikani pakati pake malo osadulidwa, m'mphepete mwake mukhale motola nkhuni ndi mopachika ming'oma. Ngati kwatsala zitsa zokha, musagule chubu ndi limodzi lomwe: tsekani mbuzi, lamulirani moto, patulirani mphukira. Pokhapo pamene zitsa zinazulidwa ndi pofunika mbande.

Komiti yokhala ndi ndalama zochepa iyambe ndi zipilala za malire, kenako makasu ndi zikwanje zolambulira njira ya moto, kenako buku lolembamo milandu ndi malisiti. Nazale ibwere pambuyo pa zonsezi. Ndipo mu Okutobala aliyense bwererani pamalo asanu aja munayeza ndi chingwe, muwerengenso mitengo yoima ndi zitsa zatsopano, nambalazo muziwerenge pamsonkhano wa mudzi mfumu ili pompo.